Mabenchi Oyera pa Boma

Ndagulitsa kaunjika pa boma pa Ntchisi kuyambira tsitsi langa lili bii. Ntchito yanga ndi pakamwa. Ndikhoza kukugulitsani jekete laubweya mwezi wa Okutobala, inu n'kumapita kwanu mukundithokoza, thukuta lili kamukamu. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti zimene zinachitika ku paki sanazichite munthu wogona. Anazichita munthu wochenjera, n'chifukwa chake zinafika patali.

Paki imeneyi ili pakati pa msika ndi msewu wopita kuchipatala. Si yaikulu, mwina theka la bwalo la mpira. Muli mitengo ya mbawa italiitali, mkuyu umodzi wokalamba, ndi mabenchi a simenti, aataliatali, opanda potsamira. Anthu ena achitukuko anaikonza kalekale, anaizunguliza mpanda wa waya, anaika geti lachitsulo, kenako anapita kwawo. Chiyambire munalibe munthu. Odikirira odwala ankakhala m'ngalande ya msewu, dzuwa likuwaotcha pamutu, mthunzi uli poteropo kuseri kwa waya. Inenso ndinadutsapo zaka zambiri, belo lili panjinga, osaganizako zolowa. Mukanandifunsa chifukwa chake sindikanayankha. Malowo ankangooneka kuti ali ndi eni ake, ndipo eni akewo si ife.

Ndinalowamo koyamba chaka chimene mayi a kunyumba anagonekedwa m'chipatala. Kuwodi kunali mng'ono wawo, ine ntchito yanga inali kudikira panja mpaka nthawi yoona odwala. Kumsika sindinkatha kukhalako. Munthu akanditchulira mtengo wachipongwe ndinkangomupatsa malayawo, ndiye anzanga anandithamangitsa kuti ndisawaonongere malonda. Ndinakakhala m'ngalande muja ndi anzanga a nkhope zakugwa.

Tsiku lachitatu ndinamva mawu kuseri kwa waya.

"Bambo inu, dzuwa limeneli mwachita kugula? Bwerani mukhale pamthunzi."

Anali amayi achikulire, aafupi, tsache lili m'manja. Ndinkawaona masiku onse akusesa mmenemo, koma tinali tisanapatsanepo moni.

"Kodi amalola, amayi?"

"Amalola ndani? Ndakuitanani ndine."

Sanandifunse kuti akudwala ndani kapena akudwala chiyani. Anandiyalira thumba pansi pa mkuyu, ine n'kugona tulo tomwe ndinali ndisanagone sabata yonse. Nthawi itakwana anandigwedeza phazi ndi tsache lija.

"Dzukani, atsegula kuwodi."

Zinatero masabata atatu. Mayi a kunyumba anachira, ndipo mpaka lero akundilamulira bwinobwino. Ine ndinabwerera kumsika, pakamwa panga panabwereranso. Amayi osesa aja ndinkangowakwezera dzanja ndikamadutsa. Ndinkati tsiku lina ndidzawapititsira juzi yabwino yochokera pamwamba pa belo. Juziyo ndinaisankhadi, koma inapeza kasitomala.

Patapita zaka zingapo, mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi mumsika, amayi aja anafika pabenchi langa la malonda. Ndinayamba kale kuwatambasulira siketi.

"Sindinabwerere zovala," anatero. Anakhala pa belo, n'kupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. "Abwana a kuofesi andiuza kuti malo aja angokhala. Amalonda akupempha mapuloti oti amangepo mashopu. Akuti mvula isanagwe adula mitengo."

"Nanga inu?"

"Ine ndisesa chiyani? Simenti ya eni ake? Sindikudandaula za ntchito yokha ayi. Amuna anga anamwalira, ana ali kutali. Ndikadzuka mmawa ndimadziwa kolowera. Akadula mitengo ija, ndizidzuka kuti ndipite kuti?"

Ndinayamba kupinda siketi ija mosamala kwambiri, ngati ndi ya silika. Chifukwa chake n'chakuti pa amalonda opempha mapuloti aja, dzina langa linali lachiwiri. Ndinali nditasankhiratu ndi malo, pakona pomwe pali mkuyu. Ndinaona kuti mpamene pamadutsa anthu ambiri.

Amayiwo ankadziwa. Anandiyang'ana momwe mayi amayang'anira mwana wa shuga kukamwa.

Mmawa mwake ndinapita kuofesi. Bwana woyang'anira za malo anali munthu wodekha, wa magalasi, wosakweza mawu. Ndinayamba ndi kufufutitsa dzina langa, kenako ndinatsegula pakamwa. Ndinanena za mthunzi, za mpweya wabwino, za ana a mawa. Anandimvetsera mpaka ndinatopa ndekha.

"Zonsezo n'zoona, bambo. Koma mwezi wathawu mwakhalamo kangati inuyo?"

Apa ndinagwiritsa ntchito nzeru yakale ya pamsika. Wogulitsa akauma mutu, umadzuka, n'kutsanzika mwaulemu, n'kumachoka pang'onopang'ono. Usanafike patali amakuitana. Ndinadzuka, ndinatsanzika, ndinayenda mpaka pakhomo. Zii. Ndinatsika masitepe. Zii. Ndinafika pa mtengo wa mbendera, ndinamanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale. Nditasuzumira pazenera ndinaona bwana akuwerenga mapepala ena. Ndinabwerera ndekha, chipewa chili m'manja.

"Mwaiwala chiyani?" anafunsa, akubisa kumwetulira.

"Ndaiwala kupempha, bwana. Ndimayesa tikunenerera."

Anaseka. Anandipatsa mpaka kumapeto kwa Seputembala. Anati adzabwera yekha tsiku lililonse limene angafune, osatiuza, ndipo akadzasowa pokhala adzalemba kuti malowo ali ndi ntchito. "Koma osati anthu obwereka, bambo. Ndimawadziwa anthu obwereka. Amakhala mowongoka kwambiri."

Ndinatuluka ndili ndi mapulani kale. Kwa ine nkhaniyo inali yapafupi. Katundu akakhala wosagulika, vuto si katundu, ndi kaikidwe. Malaya omwewo akakhala pamulu palibe owayang'ana, koma uwasite, uwapachike pamwamba, anthu amalimbirana. Paki imafunika kusita.

Ndinayamba ndi laimu. Kusitolo ya zomangira kunali matumba amene ananyowa mbali imodzi, ndipo ndinamuzungulira mwini sitolo mmawa wonse mpaka anandipatsa ndi burashi yomwe kuti ndingochoka. Laimu anali wambiri kuposa amene ndinkafuna, ndipo munthu ngati ine sataya chinthu chimene wachipeza motchipa. Ndinapaka mabenchi onse. Watsala. Ndinapaka miyala yozungulira maluwa. Watsalabe. Ndinatola miyala ina, n'kuindandalika kuzungulira benchi lililonse, n'kupakanso. Ndinapaka ndi matsinde a mitengo mpaka m'chiuno.

Amayi osesa anaima ndi tsache lawo, mutu uli chopendekera.

"Koma zayera kwambiri, bambo."

"Kuyera ndiye ukhondo, amayi. Muona."

"Ndikuona kale," anatero, n'kupitiriza kusesa.

Chachiwiri, nthambi. Zam'munsi zinkaphimba mabenchi, odutsa pamsewu sakanaona ntchito yanga. Lachisanu ndinazisadza zonse ndi chikwanje. Ndinagwirizana ndi mwini ngolo wina kuti adzazichotse madzulo omwewo, koma pa mtengo ndinamufinya kwambiri moti anavomera ndi pakamwa pokha, ng'ombe zake sizinabwere. Ndinakokera nthambizo kunja, mulu wina kumtunda kwa mpanda, wina kumunsi, m'mphepete mwa msewu. Mbuzi za pa boma zinachita mbali yake. Pofika mmawa masamba aawisi anali atayala pamsewu, uku ndi uku.

Chachitatu, anthu. Pamsika timadziwa kuti kasitomala amapita pamene pali kasitomala mnzake. Mayi a kunyumba amaimba m'kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu, ndipo Loweruka limenelo anali ndi zokonzekera. Ndinawanyengerera kuti akakonzekerere ku paki.

"Tivale yunifolomu?"

"Valani, muoneke bwino. Mabulauzi oyera aja, ndi mipango yomwe."

"Nanga nyimbo?"

"Zaulemu. Zapansipansi. Maofesi ali pafupi, tisaoneke ngati tabwera kudzasokosa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino, abambo ake. Mwini nzeru ndinu."

Loweruka ndinavala jekete lakuda, labwino kuposa onse m'belo la mwezi umenewo, ndipo ndinaima pageti manja ali kumbuyo. Amayi a kwaya anakhala pa udzu pansi pa mbawa, mabulauzi ali mbee, n'kuyamba nyimbo yapang'onopang'ono ya kwathu kumwamba.

Zotsatira zake zinabwera msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Wakabaza wina anafika pa masamba aja, anatsika, anatsitsa ndi kasitomala wake, n'kumakankha njinga. Wachiwiri chimodzimodzi. Minibasi yochokera ku Mponela inachepetsa liwiro, woyendetsa n'kuzimitsa wailesi. Wokazinga tchipisi patsidya anazimitsanso yake. Abambo odutsa ankavula zipewa. Ine mumtima ndinati, onani ulemu umene ukhondo umabweretsa.

Kenako anthu anayamba kulowa. Kulowa ndithu, pageti lomwe lija. Amayi ochokera kumidzi ya kumapiri, amene ankapita kumsika ndi madengu, ankatula madengu panja n'kulowa chowerama. Abambo ankapita mbali ina, amayi mbali ina, onse n'kukhala pansi. Pa mabenchi panalibe anakhalapo, ankachita kuwalambalala patali, koma ndinati zimenezo n'zazing'ono, azolowera. Ndinawerama kwa amayi osesa n'kuwanong'oneza kuti, "Mwaona? Sabata imodzi yokha."

Ankayang'ana mayi wina amene ankatula mtolo wa nkhuni pafupi ndi mkuyu, ndi mnzake amene ankaika kabeseni ka ufa pambali pake.

Nthawi yomweyo anafika mkulu wina wa imvi, wa jekete lokhala ndi zigamba m'zigongono. Anatsamiritsa njinga yake pawaya, anabwera kwa ine, n'kundigwira dzanja ndi manja ake awiri.

"Pepani, bambo, pepani ndi zovutazi. Ife ndife apaulendo, tangoona masamba pamsewu. Atisiya ndani?"

Ndinatembenuka n'kuyang'ana paki ija ndi maso a mkuluyo. Mitengo ikuluikulu yosadulidwa. Pansi posesedwa bwino. Masimenti aataliatali, oyera, ondandalikana, lililonse ndi miyala yake yoyera kuzungulira. Amayi a mabulauzi oyera akuimba motsitsa. Masamba pamsewu. Ndi ine pageti, jekete lakuda, manja kumbuyo.

Ndakhalapo ndi manyazi m'moyo mwanga. Ndinagulitsapo buluku kwa abusa, n'kung'ambika ali paguwa. Koma a tsiku limenelo anali a mtundu wina.

"Agogo," ndinatero, "palibe amene watisiya. Ino ndi paki."

"Ndi chiyani?"

"Paki. Malo opumulirapo."

"Opumulirapo ndani?" Analoza mabenchi. "Nanga ziliza izi?"

"Ndi mabenchi, agogo. Okhalira."

Mkuluyo anandisiya dzanja ngati wagwira mphika wamoto. Nkhani inayenda kuchoka kwa abambo kupita kwa amayi, ndipo nyimbo inaduka pakati. Woyamba kuseka anali mayi a kunyumba. Anayesa kubisa kukamwa ndi mpango, koma mapewa anawaulula, ndipo kwaya yonse inagwa nayo. Koma si onse anaseka. Maliro si chinthu chosewera nacho. Mayi wa nkhuni uja anaimirira, manja m'chiuno.

"Ine nkhuni izi ndimakagulitsa! Ndatsika nazo phiri kuyambira mbandakucha. Mukuitanira anthu imfa dzuwa likuswa mtengo, mulibe manyazi? Ndi ndevu zanuzo?"

Mkulu uja anawonjezera kuti, "Mwana wanga, kwathu mitengo yokhala pamodzi chonchi, yosaona nkhwangwa, ndi manda okha. Ine ndadutsa pano zaka zambiri, ndimayesa munagona azungu akale. Lero ndaona mwapaka laimu, ndati abale awo abwera."

Ndinavula jekete lija, ndinanjuta pakati pa anthu, n'kupepesa. Sindinanenerere. Ndinati ndalakwa ndine, ndimafuna kuti anthu azilowa muno, ndiye nzeru zandichulukira.

Amene anandipulumutsa ndi amayi osesa. Anapita kwa mayi wa nkhuni uja n'kumugwira pamkono.

"Achemwali, nkhuni zimene zatulidwa sizibwerera pamutu. Bambo awa azigula, ndipo lero sanenerera." Anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu. "Apite akatengenso mbatata kumsika. Anthu akhala pansi kale, sangadzuke ndi njala. Inu a kwaya, kodi nyimbo za ukwati simuzidziwa?"

Moto unayaka pansi pa mkuyu. Kwaya inayamba ina yovina, mayi a kunyumba ali patsogolo, ndipo nthawi iliyonse akandiyang'ana ankaphonya mawu. Akabaza anakokera nthambi zija kumbali. Anthu anadya mbatata yootcha, n'kumandiloza. Mayi wa nkhuni anadya ziwiri, n'kundiuza kuti wandikhululukira theka. Anthu anabalalika dzuwa litapendeka. Koma tsiku lonselo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala pa benchi.

Titatsala awiri, ine ndikutola makoko a mbatata, amayi aja anakhala pa muzu wa mkuyu.

"Komatu anthu alowa," anatero.

"Alowera maliro, amayi. Musandiseke, ndasekedwa mokwanira."

"Sindikuseka. Pamaliro munthu sadikira kuitanidwa, amadziwa kuti malo ake alipo. Masiku ena onsewa, pakhomo pa eni umaima panja mpaka wina akuuze kuti fikani. Inu munalowa bwanji muno?"

"Munandiitana."

"Eya. Ndipo zaka zonsezi ndaitana anthu angati? Sakwana manja awiri. Inu ndinakuitanani chifukwa munkaoneka ngati mugwa." Anatembenuza tsache lawo m'manja. "Ine ndimayesa ntchito yanga ndi iyi. Ndikasesa ndimatseka geti kuti mbuzi zisalowe. Wina akalowa ndi nzimbe ndimamuyang'ana m'manja. Ndakhala ndikusesa ngati ndikudikira alendo, koma akasuzumira ndimawayang'ana kumapazi."

Sindinkadziwa kuti munthu angathe kudzidzudzula chonchi popanda womukakamiza.

Lolemba tinayamba kuchotsa laimu. Kupaka kunanditengera masiku awiri, kuchotsa kunatenga sabata yathunthu, ndi mchenga, madzi ndi chiguduli. Miyala yonse ndinaitaya kuseri. Kwa wolemba zikwangwani wa pamsika ndinapempha zitini za penti zotsalira, ndipo ulendo uno ndinalandira zimene anandipatsa osatsutsa. Benchi lina linakhala lachikasu, lina lobiriwira, lina labuluu mbali imodzi, mbali inayo lofiira chifukwa penti anathera panjira. Zinali zonyansa, koma manda a mtundu umenewo kulibe dziko lonse lino. Geti tinalitsegula mpaka kumapeto n'kulimangirira ku mpanda ndi waya. Pansi pa mkuyu ndinakumba maenje a bawo n'kuikamo timiyala. Amayi aja anamanga chingwe pakati pa mbawa ziwiri, kuti odikirira odwala aziyanikapo zitenje. Anabweretsanso ndowa ya madzi akumwa ndi kapu.

Kumsika moyo wanga unali wowawa. Akabaza akafika pabenchi langa ankatsika panjinga, kuvula zipewa, n'kudutsa mwakachetechete. Wogulitsa nsapato woyandikana nane ankandipatsa moni mmawa uliwonse kuti, "Mwagona bwanji anamfedwa?" Wina anadzandifunsa ngati jekete lakuda lija ndimabwereketsa.

Koma mabenchi anali opanda anthu, ndipo Seputembala anali pakati. Ndinaganiza zothandiza ndi luso langa. Ndinapita kungalande ya kuchipatala n'kuyamba kuitanira monga ndimachitira ndi malaya.

"Mthunzi uwo, mthunzi! Waulere, amayi! Lowani muone, kuona n'kwaulere, kukhala n'kwaulerenso!"

Mayi wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Si inu a kaunjika inu? Munandigulitsa diresi lopanda zipi. Chaulere chochokera kwa inu ndiye chiti?"

Onse m'ngalandemo anaseka, ndipo palibe anasuntha. Nditabwerera, amayi osesa anati, "Bambo, inu pitani mukagulitse malaya. Mukaitana inu, anthu amagwira m'matumba."

Anatenga kampando n'kukhala pageti penipeni, tsache analisiya mkati. Sankakuwa. Ankangopereka moni kwa aliyense wodutsa, n'kufunsa za kunyumba, za odwala, kenako n'kunena kuti, "Fikani mumwe madzi, mupumuleko." Ena ankathokoza n'kupitirira. Ena ankamwa madzi ali chiimire n'kutuluka msanga.

Woyamba kukhala pa benchi ndinamuona ndi maso anga, chifukwa ndinkazemba kumsika masana aliwonse kudzasuzumira. Anali mayi woyembekezera, wa kuchidikiro, amene anamwino anamuuza kuti aziyendayenda. Anafika pageti akupuma movutika, dzanja lili pamsana. Amayi aja anamugwira mkono n'kupita naye pa benchi lachikasu. Anaima, analiyang'ana.

"Si paja amati panali maliro apa?"

"Maliro ake ndi awo aima apowo," amayi aja anatero akundiloza. "Ali moyo, mukuwaona. Khalani, mwanangu."

Mayiyo anaseka mpaka anagwira mimba, n'kukhala. Mawa lake anabwera ndi anzake anayi a kuchidikiro. Kumene kuli amayi oyembekezera kumafika wogulitsa nthochi, ndipo amayi osesa anamulola kukhala panja pa geti. Akabaza anaona bawo. Poyamba ankasewera njinga zili m'manja, kenako anazigoneka. Zitenje zinayamba kuuluka pachingwe. Aphunzitsi awiri opuma ntchito anasankha benchi lobiriwira kukhala lawo, n'kumakangana za mpira tsiku lililonse kuyambira mmawa. Mkulu wa imvi uja anadutsanso tsiku lina, anaima pawaya nthawi yaitali, kenako analowa chipewa chili kumutu.

Bwana anabwera Lachitatu lina masana, sabata yomaliza ya mwezi. Ine ndinali pa bawo, ndikudyedwa ndi wakabaza. Nditamuona pageti ndinafuna kudzuka kuti ndikayambe kulankhula, koma amayi aja anandiyang'ana kamodzi, ine n'kukhalanso pansi.

"Fikani, bwana. Mumwe madzi," anatero amayiwo.

Anamwa. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi. Pachikasu panali amayi a kuchidikiro, miyendo atatambasula. Pobiriwira aphunzitsi aja sanamuone n'komwe. Pa lina panagona bambo wina, chipewa chili kumaso, nsapato atatsamira. Palibe anakhala mowongoka. Bwana anayang'ana uku ndi uku, kenako anakwinya buluku n'kukhala pa muzu wa mbawa. Pansi panali makoko a nzimbe, a nthochi, ndi a mtedza.

"Amayi, koma pano pada," anatero.

"Pada, bwana. Ndiye kuti mawa ndili ndi ntchito."

Anavula magalasi, anawapukuta, n'kukhala pamenepo mpaka nthawi ya nkhomaliro itatha. Potuluka anaima pa bawo n'kuyang'ana maenje anga opanda kanthu.

"Bambo, kunenerera kunakukanikani, bawonso ikukukanikani. Kodi mumatha chiyani?"

"Maliro, bwana," anayankha wakabaza uja ine ndisanatsegule pakamwa.

Mitengo sanadule. Kachigawo ka kumbali ya msika, komwe kunalibe mtengo, anakapereka kwa amalonda, ndipo panamangidwa timashopu titatu. Ya pakona ndi ya munthu amene dzina lake linali lachitatu, pansi pa langa. Amagulitsa bwino kwambiri, chifukwa anthu a mu paki amagula kwa iye. Ndikamadutsapo ndimayang'ana kumbali. Mayi a kunyumba amati ndikanakhala ndi shopu imeneyo bwenzi nditaipaka laimu.

Ndinayesapo kamodzi kupezerapo mwayi. Nditaona kuchuluka kwa anthu, ndinabwera ndi majekete angapo n'kuwapachika pawaya, chamkati. Sindinamalize n'kupachika komwe.

"Bambo, chotsani."

"Amayi, ndi ine. Amene ndinakwecha mabenchi awa ndi manja anga."

"Munakwecha zimene munapaka nokha. Muno munthu azikhala osaopa kuti wina amuyesa jekete. Chotsani, mubwere mudzakhale ngati anzanu."

Ndinachotsa. Juzi ina, m'malo mwa yogulitsidwa ija, ndinawapititsira patapita masiku, yochokera pamwamba penipeni pa belo, ndipo panjira ndinakana makasitomala awiri. Nditawauza nkhani yake, anaivala, anaiyang'ana manja, n'kunena kuti yachedwa zaka zingapo koma ndi yofunda.

Masiku ano amasesa mmawa kwambiri, anthu asanabwere, ndipo msana wayamba kuwavuta. Tsiku lonse amakhala pa kampando kawo pageti. Penti wa mabenchi wayamba kusupuka, ndipo m'mphepete mwa labuluu lija laimu wanga akuonekeranso. Ndikakhalapo ndimamukanda ndi chikhadabo, anthu asanamuone.

Sabata yatha ndinapita masana kukapuma. Pansi pa mkuyu panagona bambo wina wachilendo, pa thumba, nsapato zili ndi fumbi lofiira la kumapiri, kapulasitiki ka mankhwala kali pachifuwa. Akabaza ankasewera bawo chapansipansi kuti asamudzutse. Nthawi itakwana amayi aja anadzuka pa kampando kawo pang'onopang'ono, anatenga tsache, anapita n'kumugwedeza phazi.

"Dzukani, bambo. Atsegula kuwodi."